Funsani Tikuyankheni: Ndalama Zikatha M'nyumba, Maganizo Akachuluka Kuno ku Joni

Makalata atatu amene ndasankha mwezi uno achokera kwa Amalawi okhala mu Johannesburg, ndipo onse akukamba za mabanja amene akupeza movutikira pomwe wina m'nyumbamo akuvutika maganizo. Mayina ndawabisa monga mwa nthawi zonse, ndipo makalata ena ndawafupikitsa.

FUNSO: Zikomo mayi mlangizi. Ndine mlembi wa gulu la amayi 14 a mpingo wathu ku Rosettenville, ndipo timachita chipereganyu mwezi ndi mwezi. Mnzathu wina, mayi wa ana atatu, wasintha chichotsedwere amuna ake ntchito yosamalira maluwa pa nyumba ina masabata atatu apitawo. Sakugona, sakudya, wasiya kupita ku maganyu ake ochapa, ndipo sabata yatha anauza mmodzi wa ife kuti kuli bwino angofa. Tapemphera naye, tamugulira ufa ndi mafuta ophikira, koma palibe chikusintha. Amayi ena akuti tilembetse gulu lathu ngati bungwe kuti tizilandira thandizo. Kodi tiyambire pati?

YANKHO: Mayi mlembi, yambirani pa mawu amene mnzanuyo analankhula, chifukwa nkhani yolembetsa bungwe ikhoza kudikira miyezi ingapo, koma munthu amene wanena kuti kuli bwino afe sayenera kudikira ngakhale tsiku limodzi. Kwathu tikamva mawu otere timafulumira kunena kuti, "Musatero inu, Mulungu alipo," ndipo timanena ndi mtima wabwino, koma wolankhulayo amaona ngati tamutseka pakamwa. Mmodzi wa inu amene mnzanuyo amamumasukira akhale naye pansi ana atatuluka, amufunse mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, ndiponso ngati waganizapo kale za mmene angachitire. Kufunsa sikumupatsa munthu ganizo limene analibe, ndipo ambiri amapepukidwa akaona kuti wina sakuopa kumva zimene zili mumtima mwawo. Akavomera, musamusiye yekha, chotsani m'chipindamo mankhwala oopsa ndi mapiritsi osungidwa, kenako imbani 0800 567 567, nambala yaulere ya bungwe lothandiza anthu ovutika maganizo la SADAG, limene linayamba mu 1994 ndipo limayankha usana ndi usiku. Wina wodziwa bwino Chingerezi akhale pambali pake kuti azimasulira pamene mawu amuthera.

Mawa lake mupite naye ku kiliniki. Ndime 27 ya malamulo oyendetsera dziko la South Africa imati aliyense ali ndi ufulu wopeza thandizo la chipatala, ndipo imanenetsa kuti palibe amene angakanizidwe thandizo ladzidzidzi. Mawu amene analemba pamenepo ndi akuti aliyense, sanalembe kuti nzika zokha. Mu Epulo 2023 khothi lalikulu la ku Johannesburg, pa mlandu umene bungwe la maloya omenyera ufulu wa anthu la SECTION27 linakasuma, linatsimikiza kuti amayi oyembekezera, amayi oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko limene akuchokera kapena mapepala amene ali nawo. Ndikudziwa kuti zolembedwa ndi zimene zimachitika pageti sizifanana nthawi zonse, makamaka chiyambire magulu olimbana ndi anthu obwera ngati Operation Dudula kuima pa zipata za makiliniki n'kumafunsa anthu mapepala. N'chifukwa chake musamutumize yekha. Mukabwezedwa, lembani tsiku, nthawi ndi dzina la kilinikiyo, ndipo mukapereke nkhaniyo ku SECTION27 kapena ku Lawyers for Human Rights, amene onse ali ndi maofesi ku Braamfontein.

Pali chifukwa china choperekezera, ndipo ndinachiona ndi maso anga. Chaka china ndinaperekeza mayi wina wa ku Mangochi ku kiliniki ina ya m'tauni muno. Tinafika 5 koloko m'mawa m'mwezi wa Juni, iye atafunda chitenje pamwamba pa jekete, manja atawapisa m'khwapa chifukwa cha chisanu. Anali atapitako kale katatu, ndipo ulendo uliwonse ankabwerako ndi mapiritsi a mutu, popeza namwino akamufunsa pamene pakupweteka, iye ankaloza mutu ndi pachifuwa, Chingerezi chake n'kuthera pomwepo. Tsiku limenelo ndinamasulira zonse: kuti amadzuka 2 koloko usiku n'kumawerengera ndalama ya lendi mpaka kucha, kuti mtima umathamanga foni ikalira kuchokera kumudzi chifukwa amadziwa kuti akufuna ndalama, kuti papita masabata asanapese tsitsi. Namwinoyo anaika cholembera pansi, anamuyang'ana kwa kanthawi, kenako anamulembera tsiku lodzaonana ndi namwino woona za matenda a maganizo. Matendawo anali omwewo pa maulendo onse anayi, koma pa maulendo atatu oyamba panalibe womufotokozera nkhani yake m'chinenero chimene namwino amamva.

Ufa umene munagula sunapite pachabe, ndipo musaleke. Umphawi ndi kuvutika maganizo zimakokana ngati zingwe zopotana: kusowa kwa lendi kumachotsa tulo, kusowa tulo kumafooketsa thupi, wofookayo amajomba ku maganyu, ndipo kujombako kumachepetsanso ndalama ya lendi. Phungu akhoza kulankhula naye bwino lomwe Lachiwiri, koma ngati landilodi wamuopseza Lachitatu kuti atulutsa katundu panja, uphungu uja umasungunuka. Choncho mbali ya ndalama muigwirenso lero lomwe. Amuna ake apite msanga ku CCMA, kumene amamva madandaulo a ogwira ntchito popanda kulipiritsa, chifukwa dandaulo la kuchotsedwa ntchito mopanda chilungamo liyenera kufika kumeneko pasanathe masiku 30, ndipo mwanena kuti masabata atatu apita kale. Khothi la za ntchito linagamula mu 2008 kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito sichili bwino amawerengedwabe ngati wantchito pa nkhani zotere. Anawo asasiye sukulu. Khothi la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana asachotsedwe kapena kukanizidwa sukulu chifukwa chosowa mapepala, ndipo m'sukulu zambiri za boma za m'madera osauka ana amalandirako chakudya. Ena adzakuuzani za ndalama za ana zimene boma limapereka kudzera ku bungwe la SASSA, koma womulera mwanayo amayenera kukhala nzika, kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wothawa kwawo wovomerezeka, ndipo Amalawi ambiri kuno sali m'magulu amenewa. Wina akakupemphani ndalama kuti akulembetseni mwachidule, dziwani kuti akufuna kukuberani.

Tsopano za kulembetsa bungwe. Lamulo la Nonprofit Organisations Act la 1997 limalola gulu kulembetsa ku dipatimenti ya Social Development popanda kulipira, koma gululo liyenera kukhala ndi malamulo ake olembedwa ndi komiti yodziwika, liyeneranso kupereka malipoti a ntchito ndi a ndalama chaka chilichonse, apo ayi limafufutidwa m'kaundula. Walira mvula walira matope. Satifiketi payokha siibweretsa ndalama, ndipo ndaonapo amayi amene ankadyera mbale imodzi akusiya kupatsana moni chifukwa cholimbirana mipando ya bungwe limene linalibe ngakhale R100. Sindikukuletsani mpaka kalekale, koma maganizo anga ndi akuti chaka chino mphamvu zanu muziike pogwirizana ndi mabungwe amene alipo kale, ndipo mupiteko ngati anzawo ogwira nawo ntchito, osati ngati opempha.

Ndikutero chifukwa muli ndi zinthu zimene iwo alibe. Mabungwe akuluakulu ali ndi aphungu, maloya ndi magalimoto onyamula chakudya, koma sadziwa chitseko chimene mnzanuyo wagona kuseri kwake, samva Chichewa, Chiyao kapena Chitumbuka, ndipo anthu athu opanda mapepala amaopa ofesi iliyonse imene ili ndi fomu yolemba dzina. Inu mumadziwa amene sanabwere ku tchalitchi masabata awiri, mumadziwa nyumba imene sinafuke utsi, ndipo mukagogoda amakutsegulirani. Bungwe la FoodForward SA limatolera chakudya chotsala koma chabwino kuchokera m'minda, m'mafakitale ndi m'masitolo, ndipo limachigawa kudzera m'mabungwe olembetsedwa, osati kwa munthu payekha; choncho funsani abusa ngati mpingo wanu kapena mpingo woyandikana nawo uli wolembetsedwa kale, kuti inu mukhale manja ogawa ndi maso odziwa ofunika thandizo. SADAG imaphunzitsa anthu wamba kutsogolera magulu othandizana, ndipo ku Diepsloot ndi ku Ivory Park inasandutsa makontena kukhala zipinda zoperekeramo uphungu waulere. Sophiatown Community Psychological Services yakhala ikuthandiza mabanja a anthu obwera m'dera la Bertrams, ndipo Jesuit Refugee Service nayo imagwira ntchito mu mzinda muno. Bungwe lililonse lili ndi malamulo ake a amene limawalandira, choncho imbani kapena pitani kaye awiri kukafunsa musanatenge wodwala ulendo wa ma taxi awiri.

Chitsanzo chimene chimandikhudza kwambiri ndi cha Three2Six, ntchito imene inayamba mu 2008 pa sukulu ya Sacred Heart College ku Observatory. Ana a sukuluyo akaweruka, makalasi ankangokhala opanda anthu, pomwe m'misewu yapafupi munali ana a anthu obwera amene sanapeze malo m'sukulu za boma. Anagwirizana kuti anawo aziphunzira m'makalasi omwewo kuyambira 3 koloko mpaka 6 koloko madzulo, ndipo dzina la ntchitoyo linachokera pamenepo. Palibe amene anayamba ndi kumanga nyumba yatsopano. Ku Zimbabwe nako, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, kumene agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa kiliniki n'kumamvetsera anthu amene ali ndi vuto limene Ashona amati kufungisisa, lomwe ifenso timalidziwa ndi mawu omwewo akuti kuganiza kwambiri. Agogowo sanasanduke madokotala, koma anaphunzira kumvetsera, kuthandiza munthu kusankha vuto limodzi loti ayambirepo, ndi kuzindikira nthawi yomutumiza kuchipatala. Pakati pa amayi 14 sipangalephere awiri kapena atatu amene angaphunzire zimenezi.

Mukamapita ku bungwe lililonse, tengani kalata ya tsamba limodzi yonena kuti ndinu ndani, mumafikira mabanja angati, ndipo mungapereke chiyani, monga womasulira kapena chipinda cha tchalitchi masana amodzi pa sabata. Pemphani dzina la munthu mmodzi amene muzilankhula naye, chifukwa nkhani yosiyidwa pa desiki yolandirira alendo imasowa. Mugwirizanenso poyera za chinsinsi: mayina a anthu anu akasungidwa kuti, adzawaona ndani, ndipo musalole kuti nkhope za ana a mnzanuyo ziikidwe pa Facebook posinthana ndi thumba la ufa. Chinsinsi chimenechi chiyambire pa gulu lanu lomwe. Zimene mnzanuyo adzanene podzifotokoza zikangomveka pa WhatsApp ya mpingo, kapena zikafika kwa apongozi ake kumudzi, sadzatsegulanso pakamwa kwa aliyense wa inu.

FUNSO: Mng'ono wanga wa zaka 26 anayamba kulankhula yekha ndi kuyenda usiku chaka chatha. Kuchipatala anamugoneka masiku angapo n'kumupatsa mankhwala, koma akakhala bwino amawasiya. Ine ndimagwira ntchito ya ulonda usiku ndipo timakhala chipinda chimodzi ku Jeppestown. Munthu wina wandiuza za bungwe limene limasunga anthu otere ndikamalipira mwezi uliwonse. Ndimupititse kumeneko, kapena ndimutumize kumudzi?

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musanapereke m'bale wanu m'manja mwa anthu osawadziwa, chifukwa mzinda uno uli ndi bala limene silinapole pa nkhani imeneyi. Mu 2016 dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng, itathetsa mgwirizano wake ndi zipatala za Life Esidimeni, inasamutsira odwala matenda a maganizo oposa 1,000 ku mabungwe ang'onoang'ono amene analibe luso, chakudya chokwanira kapena mankhwala, ndipo anthu 144 anamwalira, ena ndi njala, ludzu ndi kuzizidwa. Lipoti la Pulofesa Malegapuru Makgoba la mu Febuluwale 2017 linapeza kuti mabungwe 27 amene analandira odwalawo analibe malaisensi ovomerezeka, ndipo mu Malichi 2018 Jaji Dikgang Moseneke analamula boma kulipira banja lililonse R1.2 miliyoni. Chimene anthu ambiri amaiwala n'chakuti mabungwe enanso, monga SADAG ndi SECTION27, pamodzi ndi mabanja a odwalawo, anachenjeza boma zisanachitike ndipo anafika mpaka kukhothi. Dzina lakuti bungwe silikuuzani ngati malowo ndi abwino kapena oipa. Muyenera kukaona nokha.

Mukapita, pemphani kuona zikalata ziwiri: nambala ya kulembetsa ngati bungwe losafuna phindu (NPO), ndi laisensi yochokera ku dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo yolola malowo kusunga odwala matenda a maganizo. Choyambacho chokha sichikwanira. Mukafike tsiku limene sakukuyembekezerani, makamaka nthawi ya chakudya, muone zimene zili m'mbale, mununkhize m'zipinda zogona, mufunse amene amagawa mankhwala ndi kiliniki imene odwala amapitako, ndiponso ngati abale amaloledwa kubwera nthawi iliyonse. Malo amene akukana kukuonetsani mkati, kapena amene amamanga odwala ndi maunyolo ponena kuti akuwapempherera, muwathawe.

Komabe musanaganize zomusiya kwina, bwererani ku chipatala chimene chinamugoneka ndipo mupemphe kuonana ndi social worker, woona za chisamaliro cha odwala ndi mabanja awo. Muwauze zoona zake zonse, kuti mumagwira ntchito usiku ndiponso kuti mng'ono wanuyo amasiya mankhwala. Mufunse dokotala ngati pa matenda akewo pali jakisoni wa pamwezi m'malo mwa mapiritsi a tsiku ndi tsiku, chifukwa kwa odwala ena njira imeneyi ndi imene imathetsa vuto la kuiwala ndi kukana. Mumufunsenso mng'ono wanuyo chifukwa chimene amasiyira. Ena amasiya chifukwa mankhwala amawaumitsa khosi, kuwanjenjemeretsa manja kapena kuwagonetsa tsiku lonse, ndipo zimenezi dokotala akhoza kuzikonza akauzidwa. Ngati amasuta chamba kapena kumwa mowa, musabise. Akafika poti akhoza kudzivulaza kapena kuvulaza ena, lamulo la Mental Health Care Act la 2002 limalola chipatala kumusunga maola 72 kuti amuunike ngakhale iye akukana, ndipo inu monga m'bale wake mukhoza kulemba pempho limenelo.

Za kumudzi, sindingakuuzeni kuti inde kapena ayi popanda kudziwa amene akamulandire. Ngati kuli mayi kapena mlongo amene angamuyang'anire tsiku lililonse, ndipo chipatala cha boma chili pafupi, kumudzi kukhoza kumukomera kuposa chipinda chimene amatsala yekha usiku wonse. Ku Malawi kuli Zomba Mental Hospital, ndipo a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mukasankha njira imeneyi, dikirani kuti akhale kaye bwino, tengani kalata ya dokotala yolemba dzina la matenda ndi mayina a mankhwala, mutenge mankhwala okwanira masabata oyamba, ndipo asakwere yekha basi ya pa Park Station, chifukwa ulendo wa masiku awiri wodutsa m'malire a mayiko ndi wolemetsa ngakhale kwa munthu wabwinobwino. Ndipo inuyo, amene mukulondera katundu wa eni usiku ndi m'bale wanu masana, mupeze munthu wa ku mzikiti, ku tchalitchi kapena wa kwanu amene angamakusinthaniko ngakhale tsiku limodzi pa sabata kuti mugone.

FUNSO: Amuna anga anapulumuka moto wa pa nyumba ya Usindiso polumpha pa windo. Mwendo unapola, koma mpaka lero akamva fungo la utsi amatuluka thukuta, usiku amakuwa, ndipo sakufuna kugona m'chipinda chokhoma. Anzawo amati aiwale basi. Kodi papita nthawi yaitali kwambiri moti sangathandizidwenso?

YANKHO: Mayi, nthawi siinathe. Usiku wa pa 31 Ogasiti 2023, pamene nyumba ija ya ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anamwalira, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Amuna anu anaona ndi kumva zinthu zimene munthu saiwala pongouzidwa kuti aiwale. Zimene mwafotokozazi, kulota zoopsa, kudzidzimuka ndi fungo, kuopa chitseko chokhoma, ndi zizindikiro zodziwika bwino kwa anthu amene anapulumuka ngozi yaikulu, ndipo zili ndi chithandizo chake ngakhale patapita zaka. Si kufooka, ndipo si kulodzedwa.

Masiku oyamba moto utachitika, mabungwe ndi mipingo anabweretsa mabulangete ndi chakudya, ndipo zinali zofunika, koma bala la mumtima limaonekera mochedwa, nthawi imene ambiri othandiza apita kale kwina. Bungwe la Centre for the Study of Violence and Reconciliation, limene linayamba mu 1989 ndipo lili ku Braamfontein, lakhala likupereka uphungu kwa anthu amene anakumana ndi zoopsa, kuphatikizapo obwera kuchokera kumayiko ena. Yambani mwafunsa kumeneko, ndipo ngati sangawalandire, muwapemphe akulozereni kwina ndi kalata. A SADAG nawonso akhoza kukuuzani malo apafupi ndi kumene mukukhala.

Abambo ambiri a kwathu safuna kumva mawu akuti uphungu, choncho musayambe ndi mawu amenewo. Muwauze kuti mukufuna mukaonane ndi munthu wodziwa za vuto la kusowa tulo, chifukwa zimenezo ndi zoona, ndipo ndi zimene iwonso akuzimva m'thupi. Musawakakamize kufotokoza za usiku uja pamaso pa anthu. Pa nkhani ya chitseko, yesani loko wotsegula mosavuta kuchokera mkati, kiyi azikhala pamalo amodzi amene iwo asankha okha, pafupi ndi pamene amagona. Tsiku loyamba lokaonana ndi phungu mupite nawo, mutenge ndalama ya taxi yobwerera ndi chakudya chapanjira, ndipo ngati safuna kuti mulowe nawo m'chipindamo, mukawadikire panja mpaka atuluke.